Malimidwe Asabwerenso ndi Dzina Lina



Pa misonkhano yambiri mwakhala mukutifunsa kuti kodi Gulu lathu liri mbali iti pa nkhani iyi ya kusintha kwa nyengo, imene Boma limailankhula pa wailesi usana ndi usiku. Ena mwa inu mukuti ndi nkhani ya anthu ophunzira a ku Lilongwe, odyera m'mahotela. Ena mukuti ndi nzeru yatsopano yolandira nayo makala a amphawi pa mseu. Tafuna kuyankha poyera m'nyuzi ino, kuti pasapezeke membala wonena kuti atsogoleri ache anabisa mau.

Yankho lathu ndi ili. Nyengo yasinthadi, ndipo pa nchito yoteteza nthaka, mitengo ndi mitsinje tiri pamodzi ndi Boma, kaya likhale la chipani chiti. Koma sitidzabvomera kuti nchito imeneyi isenzetsedwe pa mutu wa munthu wa kumudzi yekha, chikoti chiri kumbuyo kwache, monga anachitira atsamunda ndi makolo athu.

Tisataye nthawi ndi kutsutsana ngati nyengo yasintha, pakuti mlimi safuna buku kuti adziwe zimenezi. Akulu athu ankati chizimalupsa chikagwa, ayambe kusongola mipini, chifukwa mvula yobzalira yayandikira. Lero mvula imachedwa, ikabwera imagwa ya mwezi wathunthu pa masiku atatu, ndi kudula chimanga chiri kumasula. Werengani nokha zaka. Mu Januwale 1915 kunali nkhondo ya Chilembwe. Mu Januwale 2015 nkhondo inali ya madzi, amene anamiza midzi ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Chaka chotsatira kunagwa chilala, ndipo anthu oposa 6 miliyoni anayembekeza chakudya cha chithandizo. Mu Malichi 2019 kunabwera namondwe wa Idai, mu Januwale 2022 wa Ana, ndipo mu Malichi 2023 wa Freddy, amene anagumula mapiri pa anthu ali m'tulo ku Chilobwe pansi pa phiri la Soche, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso, ndipo oposa 600,000 anatsala opanda pogona. Misozi isanaume, mu Malichi 2024 Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba.

Wina adzati, kodi njala ndi madzi zayamba lero? Iai, sizinayambe lero. Kunali Napolo ku Zomba mu 1946, kunali njala yoopsya ya 1949, kunalinso Napolo ku Phalombe mu 1991. Koma zimenezo zinkagwa patalipatali, kotero kuti anthu ankawerengera nazo zaka za kubadwa kwa ana ao. Tsopano zikubwera motsatana ngati mikanda pa ulusi, banja lisanamange nkhokwe ina, ina yapita kale.

Chifukwa chache anthu a sayansi anachifotokoza. Utsi wochokera ku malasha ndi mafuta, amene maiko olemera akhala akutentha m'mafakitale ndi m'magalimoto kwa zaka zoposa 150, wafunda dziko lonse ngati bulangete. Dziko likutentha, nyanja zikuluzikulu zikutentha, ndipo namondwe wodutsa pa madzi ofunda amatunga mvula yambiri kuposa kale. Africa yense, ndi kukula kwache konse, satulutsa ngakhale magawo 4 pa 100 a utsi umenewu, ndipo munthu mmodzi wa ku America amatulutsa woposa wa Amalawi 100 pamodzi. Akulu anati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Apa zatembenuka: zodya olemera zapota amphawi.

Komabe tisadzinyenge. Mvula ya Freddy sitinaiitane ife, koma inapeza mapiri ambiri ali ometa mpala, ndipo nkhwangwa zinawameta zinali za m'dziko momwe muno. Pa kalembera wa 1966 tinalipo anthu 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 tinapezeka 17 miliyoni ndi theka, pa nthaka yomweyo. Talima kufikira m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje, talima m'mapiri momwe agogo athu ankangosakamo nyama. Madzi ogwa pa phiri lopanda mitengo salowa pansi, amathamanga ndi dothi ndi miyala yomwe. Ichi ndicho gawo lathu la mlandu, ndipo mwamuna sathawa mlandu wache.

Nanga Boma lachitapo chiani? Pa mapepala lachita zambiri. Mu 2016 linakhazikitsa mfundo za dziko pa nkhani ya kusintha kwa nyengo, ndipo linalonjeza kubwezeretsa mitengo ndi chonde pa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Mu Januwale 2021 linatulutsa masomphenya a Malawi 2063, onena kuti dziko lino lidzakhale lolemera ndi lodziimira palokha, osaononga chilengedwe. Chaka chomwecho, potsata pangano la maiko onse la ku Paris la 2015, linalonjeza kuti pofika 2040 lidzachepetsa utsi wa dziko lino ndi magawo 51 pa 100, poyerekeza ndi umene ukanatuluka tikanangopitirira monga tichitira. Koma mvetsetsani bwino, abale. Mwa magawo 51 amenewo, 6 okha ndiwo tinalonjeza kuchita ndi thumba lathu. Magawo 45 otsalawo akudikira ndalama za maiko akunja.

Ndalama zimenezo si mphatso, ndi ngongole imene iwo ali nayo kwa ife, ndipo nthumwi zathu zisachite manyazi poilonjerera. Koma tiwadziwe amene tiri nao ngongolewo. Ku Copenhagen mu 2009 analonjeza madola 100 biliyoni chaka chiri chonse pofika 2020. Anachedwa kukwaniritsa, ndipo zambiri anazipereka ngati ngongole yoti tibweze ndi chiongola dzanja. Thumba lolipira zoonongeka ndi nyengo analibvomera ku Egypt mu 2022, atakana zaka zambiri, ndipo zimene zalowamo nzochepa poyerekeza ndi milatho, masukulu ndi minda imene yapita. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Tsono popeza ndalama za kunja zimachedwa, Boma liri lonse limayesedwa kugwira chimene chiri pafupi ndi chosalipira, ndicho khosi la munthu wa kumudzi. Pamenepa ndi pamene tiyenera kukumbutsana mbiri yathu.

Achinyamata a m'nthambi, funsani agogo anu tanthauzo la mau oti malimidwe, muone mmene nkhope zao zisinthire. Mu 1946 Boma la atsamunda linapanga lamulo loteteza nthaka, ndipo njala ya 1949 itapita, Bwanamkubwa Geoffrey Colby analimbitsa dzanja. Analetsa kulima matutu, nalamula mizere yopingasa ndi migula. Analetsa kulima m'mphepete mwa mitsinje. Anaika masiku oti munda ukhale utasosedwa ndi kubzalidwa. Kunena zoona, zina mwa nzeru zimenezi zinali zabwino, pakuti nthaka inali kukokolokadi. Koma taonani njira imene anabwera nayo! Kapitao wa zaulimi sanabwere ngati mphunzitsi, anabwera ngati mesenjala wa khoti. Munthu wolephera kutsiriza migula, kaya ndi nkhalamba, kaya ndi mai amene mwamuna wache ali ku Joni, ankamutengera ku bwalo la mfumu, nalipitsidwa faindi kapena kutsekeredwa m'ndende, ndipo pena mbeu zache zinkazulidwa iye akuona. Panalibe wofunsa mwini munda kuti dothi lache limafuna chiani. Ku chigwa cha Shire, kumene nthaka ndi yosalala ndi dzuwa loswa mtengo, anthu ananena kuti mizere ikuumitsa mbeu zao, koma anayesedwa aulesi ndi osamvera, mpaka kukana kwao kunachedwa Nkhondo ya Mitumbira. Ndipo zonsezi zinkachitika pamene minda yaikulu ya Azungu ku Thyolo ndi ku Mulanje inali ndi malo ogona osalimidwa, anthu ali kuthithikana m'mbali mwache ndi kugwira thangata.

Zotsatira zache mukuzidziwa. Mu 1953, chaka chimene anatikakamiza Chitaganya, Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inauza anthu ache kuti asamvere malamulo a malimidwe. Boma linaichotsa pa mpando; inathawira ku dziko la Apwitikizi, inabwezedwa, ndipo inamwalira mu 1954. Mu chaka chomwecho cha 1953 chipolowe chinabuka ku Thyolo ndi kufalikira maboma ena a kumwera, ndipo anthu 11 anaphedwa, mkwiyo wa malo, wa thangata ndi wa malimidwe utasakanizika pamodzi. Congress inakula m'midzi chifukwa cha migula yomweyo, popeza munthu amene sanamvetse za Chitaganya anamvetsa bwino za kapitao wozula chimanga chache. Anthu anafika poyesa kugumula mgula ngati nchito ya ufulu.

Koma mapeto a nkhaniyi ndiwo tifuna muwasunge. Dr Banda atatenga unduna woona za nthaka mu 1961, kukakamiza kunatha, ndipo alangizi anauzidwa kuti aziphunzitsa ndi pakamwa. Kodi mizere inatha? Yendani lero kuyambira ku Chitipa kufikira ku Thyolo, mudzapeza pafupifupi munda uli wonse uli ndi mizere, yopangidwa popanda mesenjala. Chimene anthu anachikana pa chikoti anachilandira okha ataona phindu lache. Zaka zoposa khumi zinatayika, ndi mwazi unakhetsedwa, chifukwa cha kunyoza mlimi.

Tsopano tiyeni tiyang'ane makala, pakuti ndipo pamene malimidwe akusuzumira ndi dzina lina. Mu 2015 asilikali anatumizidwa kukalondera nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera madzi akumwa a mzinda wa Lilongwe. Mu 2020 lamulo la nkhalango linakonzedwa, zilango zinakwezedwa, ndipo wogwidwa ndi makala opanda chilolezo angathe kulandidwa katundu ndi kupita ku ndende. Ife sitikuikira kumbuyo kuotcha makala. Membala wa Gulu lino amene amagwetsa mitengo ya pa gwero la mtsinje adziwe kuti akutseka chitsime cha ana ache omwe, ndipo nthambi yache imdzudzule osamuopa. Koma tifunse funso limene akuluakulu salikonda: kodi makalawo amapita kuti? Munthu wa kumudzi saphikira makala, amaphikira nkhuni, mapesi ndi zitsononkho. Makala amapita ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Mzuzu, ndipo amayaka m'makhichini a makalaliki, a aphunzitsi, ngakhale a mabwana amene amalemba malamulowo. Mnyamata wokankha njinga ya matumba atatu mtunda wa mamailosi 30, ndiye amalandidwa njinga ndi kugona m'chitolokosi. Koma ali yense wokhala m'mbali mwa mseu waukulu amamva malole olemedwa akudutsa usiku, ndipo samva kuti mwini lole wagona m'ndende. Wophika nsima pa mbaula m'tauni safunsidwa kanthu.

Ndipo anthu a m'tauni sitingawatsutse kwambiri, pakuti aphikire chiani? Mabanja oposa 9 mwa 10 ali onse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Pa kalembera wa 2018, nyumba zokhala ndi magetsi a ESCOM zinali pafupifupi 11 pa 100, ndipo kumidzi zinali zosakwana 5 pa 100. Amene ali nao magetsiwo amawaona akuzimazima, ndipo gasi ndi wa anthu a ndalama. Malinga mzinda uli ndi njala ya moto, ng'anjo idzafuka m'phiri, ngakhale muikepo msilikali pa mtengo uli wonse. Ukagwira mmodzi, mphawi wina amene chimanga chache chapsya ndi dzuwa adzatola nkhwangwa yomweyo.

Chotero tikunena kuti kuteteza mitengo ndi chitukuko ndi nchito imodzi. Alipo anthu ena akunja, okhuta kale, amene amalankhula ngati kuti dziko losauka lizikhala chomwecho mu mdima kuti mpweya wa dziko lapansi uyere. Amenewo tisawamvere. Tikufuna miseu, tikufuna mafakitale, tikufuna magetsi pa chigayo ndi pa chipatala cha kwathu. Mwai wathu ndi wakuti Mulungu anatipatsa dzuwa ndi mitsinje, kotero kuti sitiyenera kudetsa thambo monga anachitira iwo. Ku Salima kunatsegulidwa malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 mu 2021, ndi ku Golomoti ena a mamegawati 20 mu 2022. Zimenezo tikuziyamika, ndipo tikufuna zichuluke msanga, chifukwa kudalira mtsinje umodzi kunatiphunzitsa kale. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa Shire, pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira, ndipo namondwe wa Ana ataononga damu la Kapichira mu 2022, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi linazima kwa nthawi yoposa chaka. Makala anayenda malonda m'miyezi imeneyo.

Pali chinthu china chimene a m'tauni sachidziwa. Makina a pa Nkula amatsamwa ndi matope, ndipo matope amenewo ndi minda ya anthu a ku Balaka, ku Ntcheu, ku Neno ndi ku Machinga, yotsika ndi mitsinje yothira mu Shire. Tsono mai amene amabzala udzu wa vetiva pa mgula wache ku Ntcheu, ndi kusiya mitengo m'mbali mwa mtsinje m'malo molimapo dimba, akulondera magetsi a ku Blantyre, pamene iye mwini akuunikira ndi tochi ya mabatire. Kodi mlonda sagwira nchito ya malipiro? Sitikupempha chifundo. Midzi imene imasunga magwero a madzi ikhale yoyamba kulandira magetsi, mijigo ndi misika ya mbeu zao, ndipo aphungu athu akanene zimenezi ku Nyumba ya Malamulo.

Chimodzimodzi ndi ngalande yaikulu imene ikukumbidwa kuchokera pa Kapichira kukathirira minda ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje. Ulimi wothirira ndiwo mankhwala a ng'amba, ndipo nchitoyi tikuifunira zabwino. Koma nthambi za kumeneko zitsegule maso, kuti madzi akadzafika, malo adzakhale akali m'manja mwa eni ache. Pa za kusamutsa anthu m'malo osefukira madzi, tikubvomera kuti moyo uposa munda. Koma munthu wa m'mbali mwa Shire ndi Ruo sakakamira kumeneko chifukwa cha kupusa. Dimba lache ndilo limamudyetsa mvula ikakana. Mpatseni malo kumtunda, pali mjigo ndi sukulu, ndipo dimbalo likhalebe lache, mudzaona ngati adzakana. Kwabweranso makampani ofuna kupangana ndi mafumu kuti mudzi usunge mitengo, iwo nagulitsa kunja mpweya umene mitengoyo imayamwa. Malonda amenewo angakhale abwino, koma mfumu isadinde chala pa pepala limene silinawerengedwe m'chinenero chathu pamaso pa mudzi wonse, ndi kunena poyera zaka zache ndi ndalama zache. Malo ambiri a ku Thyolo anapita ndi mapepala otere m'zaka za m'ma 1890, pa mtengo wa nsalu ndi mikanda.

Tsono ife eni ache tichite chiani? Pakamwa pathu padzalemera pokhapokha manja athu atagwira nchito. Dziko lino lakhala likubzala mitengo kuyambira 1976, pamene tsiku la 21 Januwale linapatulidwa, ndipo tsopano nyengo yobzala imayamba pa 15 Disembala kulekeza pa 15 Epulo. Chaka ndi chaka timamva za mamiliyoni a mbande zobzalidwa, alendo olemekezeka atabvala zipewa, ojambula ali pomwepo. Pitani pa malo omwewo mu Okutobala, mudzapeza mbuzi, chiswe ndi lupsya zatha nchito yao. Nthambi zathu zisawerenge mitengo yobzalidwa, ziwerenge imene yaona mvula yachiwiri. Ndipo musaiwale kuti mbande yabwino koposa iri kale m'munda mwanu: chitsa chimene chikuphukira, mukachisiyira mphukira ziwiri kapena zitatu ndi kuziteteza ku moto, chimakula msanga kuposa mtengo wa m'chubu, popeza mizu yache iri kale pansi. Msangu usadulidwe m'munda, pakuti umayoyola masamba nthawi ya dzinja, chimanga nkumakula bwino pansi pache. Mapira, chinangwa, mbatata ndi nandolo zibwerere m'minda pambali pa chimanga. Si mbeu za amphawi, ndi mbeu za anthu odziwa kuti mvula siilonjeza.

Lamulo la nkhalango la 1997 limalola mudzi kupatula nkhalango yache ndi kusankha komiti yoiyang'anira, ndi kudzipangira malamulo ache. Mphamvu imeneyi tiigwiritse nchito, chifukwa lamulo limene anthu apangana okha pansi pa mtengo wa bwalo limasungika kuposa lobwera pa galimoto. M'makomiti amenewo amai akhale ambiri, ndipo asakhale ongophika tiyi. Iwo ndiwo amadziwa kutalika kwa ulendo wa ku nkhuni ndi kuya kwa chitsime mu Novembala, ndipo ndiwo angaweruze ngati mbaula ya chitetezo imapulumutsadi nkhuni kapena iai.

Chotero tikupempha Wapampando wa nthambi iri yonse kuti aitanitse msonkhano mvula isanayambe, mafumu ndi alangizi aitanidwe ndi ulemu wonse. Mlembi alembe maina a mitsinje imene inkayenda chaka chonse koma tsopano imaphwa, malo amene mudzi wabvomera kupatula ngati nkhalango yache, ndi mabanja amene akudalira ng'anjo ya makala chifukwa alibe njira ina. Amenewa alembedwe kuti tiwafunire chochita, maina ao asaperekedwe kwa wina ali yense. Ngati pali membala amene analandidwa njinga kapena katundu popanda kupatsidwa risiti kapena kuonekera ku khoti, zimenezonso zilembedwe, ndi tsiku lache ndi malo ache. Makalata onse afike kwa Mlembi wa chigawo, ndipo nthumwi zathu zidzapita nao kwa Bwana D.C. ndi kwa phungu wa dera liri lonse.